Amalume a Khobwe

A Teleza ali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo. Mphambuzo palibe anaziwerenga. Ndi akazi anga. Alibe udindo pa esiteti, alibe udindo kutchalitchi, sadziwa kulemba dzina lawo. Ali ndi munda umodzi, mbuzi zochepa, mwana wamoyo mmodzi dzina lake Lizzie, ndi ine. Kukacha, chimene amayamba kuchiyang'ana ndi khwawa lomwe lili kumunsi kwa munda wawo. Ine ndimabwera pambuyo pa mbuzi.

Ndine Peterson, Mmang'anja wa ku Nsabwe. Ndinaphunzira ku mishoni mpaka kudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuvomera mzungu m'chilankhulo chake. Ndinakhalapo kapitawo. Za ukapitawowo ndinena kutsogoloku, pakuti anauthetsa ndi a Teleza, ngakhale iwo amati unatha wokha.

A Teleza ndi Alomwe. Anabadwira kuseri kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Apwitikizi. Anabwera kuno ku Thyolo ali namwali, zaka zoyambirira za m'ma 1900, pamodzi ndi amayi awo ndi mlongo wawo Stafford. Ankathawa ntchito yokakamiza ya kumeneko. Atafika kuno anapeza thangata, ndiko kuti ntchito yokakamiza ya kuno. Mzungu amakupatsa pomanga ndi polima, iwe n'kumamugwirira ntchito miyezi ya mvula, munda wako ukumera udzu. Katundu amene anabwera naye anali mphika, khasu lopanda mpini, ndi mbewu zomangidwa m'kansalu: kalongonda, khobwe, nandolo ndi mapira.

Kapitawo wa masiku amenewo anawaonetsa malo awiri. Ena anali athyathyathya, pafupi ndi msewu. Ena anali otsetsereka, m'mbali mwa khwawa lodzadza ndi chitedze, kumene anthu ankaopa ngakhale kukadzithandiza. Apongozi anga anatsikira m'khwawamo, nayendayenda, natuluka akudzikanda m'mikono, nati, "Pano." Kapitawoyo anakauza anzake kuti kwabwera anthu amisala.

Sinali misala, linali lamulo la kwawo. Iwo munda sankausankha poyang'ana dothi. Ankati mbewu iliyonse ya m'munda ili ndi amalume ake kuthengo, ndipo pamene pali amalume, mbumba imakhazikika. M'khwawamo anapezamo chitedze, amalume a kalongonda. Anapezamo mpama wakuthengo wowawa uja. Anapezamo nthochi yakuthengo yomwe m'kati mwake ndi njere zakuda zokhazokha. Ndipo kumutu kwa khwawa, pamene mitengo inali patalipatali, dzuwa n'kumafika pansi, anapeza kakhobwe kakuthengo. Masamba ake ndi a khobwe, duwa lake ndi la khobwe, koma zitheba zake n'zowonda ngati udzu, njere zake ngati timiyala ta mumtsinje. Zikauma zimathetheka zokha padzuwa, njere n'kumwazika. Munthu sangakhute nako. Amenewo ndiwo amalume a khobwe.

Ndinakwatira a Teleza mu 1909, n'kulowa chikamwini. Mkamwini watsopano amafuna kuti amuone thukuta. M'mawa mwake ndinatenga chikwanje n'kuyamba kusadza zoyangayanga zomwe zinali kumalire a munda, cha kumutu kwa khwawa kuja. Ndinkamenya molimba kuti phokoso lifike kunyumba. Linafikadi. A Teleza anabwera naima kumbuyo kwanga.

"Mukudula chiyani?"

"Tchire."

"Tchire ndi inu, mwabwera dzulo. Awa tinawapeza. Ndi amalume a khobwe. Mukamadutsa muziwalambalala."

"Ndiziwagwadiranso?"

"Mukafuna. Koma sakuonani."

Ukwati wathu unayambira pamenepo, ndipo sunasinthe kwenikweni.

Amayi awo atamwalira, munda ndi lamulo zinatsalira iwo. Chaka chilichonse ankabzala mizere iwiri ya khobwe kumalire kuja, yogundana ndi wakuthengo, mpaka osadziwa kuti wa m'munda wathera pati. Njuchi ndi bemberezi zinkachoka duwa ili kupita duwa ilo, zosafunsa kuti la yani. Khobwe wa m'mizere imeneyo sanali wodya. Ankamukolola payekha, n'kumusakaniza ndi mbewu ya chaka chotsatira. Motero mumphika mwathu simunkalephera kupezeka njere zina zazing'ono, zamawangamawanga, zolimba khungu, zomwe zinkapsa anzake atapsa kalekale.

Ndinadandaulapo. Ndinati kwathu ku Nsabwe miyala timamangira mafuwa, sitidyera ndiwo.

"Mbewu yosayendera kwa amalume imazolowera kuleredwa," anatero. "Dzuwa likangoiyang'ana, yagona."

"Nanga kalongonda wanuyo, naye amayendera chitedze?"

"Kalongonda ndi chitedze chobatizidwa. Kuyabwa anasiya, koma mukapanda kumuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, amakumbukira kwawo. Ngati inu omwe."

Ine ndinali wobatizidwa kale nthawi imeneyo, iwo ayi. 

Mu 1922 mvula inadula chimanga chisanamasule. Chinaumira chiimire. Khobwe wa anzathu anapserera asanachite maluwa. Wa a Teleza naye anapserera, koma osati yense. M'mizere monse munatsala mapando apa ndi apo, aja a masamba aang'ono, obiriwira ngati sakumva kanthu. Tinadya masamba ake, kenako tinadya njere zake zolimba zija. Kasupe wa m'khwawa sanaphwe, ngakhale timitsinje tina tinasanduka njira. A Teleza ankakumba mpama wakuthengo, kuudula timapande, n'kuuviika m'madzi oyenda mpaka ululu utachoka. Pokumba ankabwezera mutu wake m'dzenje n'kukwirira, ngakhale ife tinali ndi njala yoti tikanadya ndi mutu womwewo. Chaka chimenecho tinaika mwana mmodzi. Lizzie anatsala. Za miyala sindinanenenso.

Mvula itabwerera, amayi a m'mudzimo anabwera kudzapempha mbewu. A Teleza ankapatsa aliyense chikhatho chimodzi, n'kumuuza kuti pakapita zaka zingapo adzabwerenso, chifukwa mbewuyo ikatalikirana ndi khwawa imabwerera ku ulesi wake. Ena ankabweradi. Ena ankati ndi njira yofunira ulemu.

Zaka zonsezi esiteti inkalima fodya, ndipo khwawa linalibe nayo ntchito. Cha mu 1933 anayamba tiyi mwamphamvu. Kunabwera mzungu watsopano. Tinkamutcha Mapazi, chifukwa malo aliwonse ankawayeza poponda, milomo ikugwedera. Sanali wankhanza kuposa anzake. Chimene ankadana nacho ndi mzere wokhota. Atamva kuti ndimamva Chingerezi, anandiika ukapitawo, nandipatsa jekete la khaki la mabatani achitsulo.

Jekete limenelo ndinalikonda. Ndinkalivala kuntchito, kutchalitchi, kumaliro ndi popita kuseri. M'chilimwe anthu akuyenda chifuwa pamtunda, ine ndinkamanga mabatani mpaka pakhosi. A Teleza anayamba kunditcha "a Kapitawo" ngakhale pondiuza kuti ndikamange mbuzi.

Chaka chotsatira Mapazi anayeza malo a kumtunda kwa munda wathu. Mizere yake ya tiyi inafika pamutu pa khwawa n'kuima, chifukwa cha tchire. Anandiitana nandilozera ndi ndodo. Anati khwawa lonse lilambulidwe, kuyambira kumutu kutsika, ndipo kumutuko kukhale koyera mvula isanagwe. Nazale ya mbande zake inali kumunsi kwenikweni, kumene madzi a kasupe amatulukira, ndipo ankafuna kuti akaima pamenepo aziona tiyi mpaka pamwamba.

Ndinavomera m'Chingerezi chabwino.

Kunyumba ndinafotokoza ndikuyang'ana nkhuku. A Teleza ankasenda makaka. Sanasiye.

"Kumutu kuja ndi kumene kuli amalume a khobwe," anatero.

"Ndikudziwa, amake Lizzie."

"Kwina kulikonse m'khwawamo kulibe. Ndinayesapo kuwabzala m'munda, anakana. Mbuzi, khasu, dzuwa la pambalambanda."

"Malo ndi a mzungu."

"Nyumba ndi yanga. Tsiku limene mudzadule kumutu kuja, a Kapitawo, mphasa yanu mudzaipeza panja."

Sanakweze mawu. Pachikamwini mawu amenewo safuna kukwezedwa. Ndinali munthu wa imvi kale, ndipo ku Nsabwe alongo anga anali ndi akamwini awoawo oti aziwatopetsa.

Ndinapita kwa alamu anga a Stafford, popeza ndiwo nkhoswe ya ukwati wathu. Iwonso ankagwira ntchito m'gulu langa. Ndi munthu wamtali, waulesi, wokonda kuseka. Anandimvetsera akutafuna nzimbe.

"Alamu, mlandu wanu ndi wophweka," anatero. "Mukadula, mugona panja mutavala jekete. Mukapanda kudula, mugona m'nyumba opanda jekete. Sankhani pomwe pakuzizira pang'ono."

"Ndabwera kwa nkhoswe, osati kwa wanthabwala."

"Nkhoswe ndi yomweyi. Mlongo wangayo ndinakula naye. Akanena za mphasa amakhala ataipinda kale."

Pamenepo ndinaganiza nzeru ya chikapitawo. Mzungu anati tiyambire kumutu, koma mutu uli ndi mbali ziwiri. Mbali ya munda wathu ndiyo inali ndi khobwe. Mbali inayo inali ndi mitengo yokutidwa ndi chitedze. Ndinati tiyambira ya chitedzeyo, tizichita pang'onopang'ono, mwina mzungu aiwala, mwina adwala malungo, mwina amusamutsa. Akazi anga aziona kuti khobwe sindinamukhudze, bwana aziona kuti zikwanje zikulira.

Unali mwezi wa Okutobala. Chitedze chinali chitauma, makoko ake ofiirira akulendewera ngati michira ya agologolo, kamphepo kotentha kakuomba kuchokera kutsidya. Anthu anga anafika, nayang'ana m'mwamba, nakhala pansi.

"Tiyeni, anthuni."

"Yambani inu, a Kapitawo," anatero a Stafford. "Ife zifuwa zili pamtunda. Inu muli ndi jekete."

Chitedze ndimachidziwa kuyambira ubwana. Mwana wa ku Nsabwe aliyense amachidziwa. Koma tsiku limenelo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti nsalu ya mzungu singalowe ubweya wa kuthengo. Ndinakweza kolala, ndinalowa pansi pa mtengo, ndinatema chingwe chimodzi chachikulu, n'kuchikoka ndi manja awiri kuti chigwe.

Chinagwa, ndi zonse zomwe zinali pamwamba pake.

Jekete silitchinga chitedze. Limachisunga. Ubweya unalowera m'khosi n'kutsikira kumsana, m'khwapa, mpaka kumene sindilemba. Mabatani achitsulo aja anakana kumasuka. Ndinathamanga ndikulimbana nawo. Jekete ndinalitaya pa chitsa, malaya pa mzere woyamba wa tiyi, kabudula patsogolo pa amayi amene ankapalira. Mmodzi wa iwo anali mkazi wa mlaliki. Ndinakadziponya m'madzi a kunazale, ndipo madziwo anangochidzutsa.

A Teleza anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikudzikhula kukhoma ngati mbuzi ya mphere. Anatsikira kukasupe, nabwera ndi matope m'chipande, nandimata thupi lonse, nandikhazika padzuwa. Anati ndisagwedezeke mpaka aume, kuti pomatula atuluke ndi ubweya. Ndinakhala pamenepo ngati mtsuko wosaotcha. Tsiku limenelo amayi ambiri anakumbukira kuti ali ndi chodzabwereka kwathu.

"Amalume a kalongonda akupatsani moni," anatero a Teleza, akumatula paphewa.

"Ndinachitira dala. Ndimafuna ntchito ichedwe."

"Ndiye mwakhoza. Mawa mukaichedwetsenso."

"Ndachita zimenezi chifukwa cha khobwe wanu."

"Mwachita chifukwa cha mphasa yanu. Tembenukani."

Mapazi atamva, anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anafunsa anthu, iwo namuuza zoona: chitedze chikanyowa ubweya wake suuluka. Ndiye analamula kuti tidikire chizimalupsa, mvula yoyamba ija, ndipo ikangogwa tidule mutu wonse, mbali zonse ziwiri. Ndinafunsa a Teleza ngati zinali zoona kuti chikanyowa chimafatsa. Anati inde, ngakhale mwana angachidule. Sananame kuti andithandize, sananamenso kuti adzithandize.

Mitambo inayamba kusonkhana cha ku Mulanje. Nzeru zanga zinali zitatha. Ndinachapa jekete, ndinaliyanika, ndinalipinda, n'kupita nalo ku ofesi. M'njira ndinkakonza mawu. Ndinkafuna kumuuza mzungu za njala ya 1922, za kasupe, za mizere iwiri ija. Mawu onse ndinali nawo m'Chingerezi. Koma nditaima pakhomo n'kudziyerekeza ndikuuza munthu wa nsapato kuti nyemba ili ndi amalume, ndinadzimvera chisoni. Ndinamuuza kuti msana ukundipweteka, ukapitawo sindingathe.

Sanafunse zambiri. Analandira jekete, natuluka pakhonde, nayang'ana anthu amene ankadikira ntchito, nasankha wamtali kuposa onse. Linawakwana a Stafford ngati anawayeza.

Madzulo ake a Stafford anabwera kwathu atalivala, mabatani osamanga. A Teleza anawayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, inu ndinu amalume a Lizzie. Mukadule amalume anzanu?"

"Ndikakana avala wina, ndipo winayo adula mawa lomwe. Ine ndiyambira kutali, ndipo ndidula mwaulesi. Ulesi ndili nawo wokwanira."

"Koma mudula."

"Ndidula. Mphasa yanga ili kwa akazi anga, suifikira."

Mwamuna amachotsedwa, mlongo sachotsedwa. Ine ndinali nditataya jekete kuti mutu wa khwawa usadulidwe, ndipo unali kukadulidwabe, ndi jekete lomwelo. Ndinayembekeza kuti a Teleza anenapo kanthu kondipepesa. Ananditumiza kukabwereka madengu.

Nzeru yawo inali iyi. Nyengo imeneyo khobwe wakuthengo anali atauma kale, zitheba zitathetheka, njere zili m'dothi momwe diso silingazione. Kutola sikukanatheka. Ndiye anati tisamutsa dothi lomwelo. Kumunsi kwa khwawa kunali gombe lina pamene mkuyu unagwa chaka chapitacho, dzuwa n'kupeza polowera. Anati pamenepo pakufanana ndi kumutu. Ngati zikwanje zidzafikenso kumeneko, zidzafika mochedwa.

Iwo ankapala ndi khasu dothi la pamwamba lokha, pamodzi ndi masamba owola ndi timizu, n'kumadzaza m'dengu. Wosenza ndinali ine. Paphewa dengu la dothi silikhala, ndiye anandipangira nkhata. Mwamuna wa imvi, wophunzira ku mishoni, kapitawo wa dzana, kutsika ndi kukwera khwawa dengu lili pamutu ngati mtsikana wopita kumtondo. Chizimalupsa chinali chitagwa, ndipo gulu la a Stafford linali litayamba kutsidya. Ankadula pang'ono, n'kumapuma kuti andione bwino.

"A Peterson, dothilo mukupita nalo kumsika wa ku Boma?"

"Kapena kwanu ku Nsabwe latha?"

"Musawasokoneze," ankatero a Stafford. "Msana ukuwapweteka. Ndi chifukwa chake asenzera pamutu."

Sindinkayankha. Munthu wosenza dothi akatembenuza khosi limamuthira m'maso.

Tinasamutsanso mitu ya mpama ndi ana a nthochi yakuthengo ija, yomwe nayo inali kumutu kokha. Titamaliza, a Teleza anatulutsa kansalu. Munali njere za chitedze, zakuda, zonyezimira, zomwe anazitola okha n'kuzitsuka. Anati gombelo likufuna mpanda woletsa mbuzi ndi otola nkhuni, ndipo palibe mpanda woposa umenewo.

"Mukufuna ndibzale chitedze? Ine?"

"Mukudziwana kale."

Ndinabzala, phando ndi phando, mozungulira. Sindikudziwa ngati m'dziko la Thyolo muli mwamuna wina amene anabzalapo chitedze ndi khasu. Mpaka lero ana akandiona amafunsa kuti zokolola zanga ndidzagulitsa liti.

Ulesi wa a Stafford unatikwanira. Anafika mbali ya khobwe ife titachotsa zomwe tikanatha. Anadula, anaunjika, anatentha. Tsiku limenelo a Teleza sanapiteko. Anakhala pamoto kuphika kalongonda, kuwiritsa ndi kutaya madzi, kuwiritsa ndi kutaya madzi, mpaka dzuwa kupendeka. Mapazi anabzala tiyi wake, mizere yowongoka ngati mano a chipeso.

Mvula ya Januwale inapeza pamutu pa khwawa pali mbee. Madzi amene kale ankalowa pansi pa masamba n'kukatulukira kukasupe ali oyera, tsopano anatsika pamtunda ali ofiira. Anang'amba chigwembe chozama kuposa munthu, nanyamula mizere ingapo ya tiyi, nakathira matope onsewo m'nazale. Mbande zambiri zinakwiririka. Mapazi anabwera, anayeza chigwembecho ndi mapazi ake, milomo ikugwedera, nalamula kuti chikwanje chisalowenso m'khwawa kuyambira pamenepo kutsika. Za amalume sanamvepo, ndipo palibe anamuuza. Iye ankateteza nazale.

Kenako anafuna mlonda woletsa anthu kudula mitengo m'khwawamo. Inali ntchito yongokhala, yoyenera munthu wa msana wopweteka. Anandikumbukira. Jekete panalibe. Anandipatsa ndodo.

Pagombe lija, chaka choyamba, chitedze changa chinamera chonse, osaphonya phando. Mpama unaphuka. Nthochi zinafota n'kufa. Khobwe sanaoneke. A Teleza ankapitako m'mawa uliwonse, kugwada, kupatula udzu ndi zala, n'kubwerako. Chaka chimenecho mizere iwiri ija sanabzale, pakuti panalibe woti igundane naye. Mphasa yanga sanaitulutse, popeza sindine ndinadula. Koma ndinaona kuti poyala inkasendera kufupi ndi chitseko.

Ndinawauza kuti mwina tinapala mosazama. Anati mwina wosenza anachedwa. Ndinati mwina mkuyu uja unasiya mthunzi wambiri. Anati njere za kuthengo sizimera chifukwa munthu wazidikira, zimamera zikafuna.

Mvula yotsatira, tsiku lina ndili pamwala wanga wa ulonda, a Teleza anandiitana kuchokera pagombe. Ndinalowa chokwawa pansi pa mpanda wanga womwe, ndikupemphera. Anandilozera pansi. Panali kachingwe kowonda koyanga pa udzu, masamba atatu atatu, ndi duwa limodzi lotuwira mofiirira. Pambali pake panali kena.

"Ndi amenewa?"

"Ndi amenewa."

"Ndiye dothi lija ndinasenza bwino."

"Musaponde apo. Chotsani phazi."

Anadzuka, anakuntha maondo, napita kunyumba kukatenga mbewu. Malo a mizere yawo iwiri anawalima kunja kwa mpanda, pamalire atsopano, kumunsi kwa munda. Wokumba mapando ndinali ine.

Chaka chino ndi 1938. Mapazi anachoka, kunabwera wina, ndipo lamulo la khwawa sanalisinthe. Kumutu kuja kuli tiyi, ndi chigwembe chomwe amachitseka ndi miyala chaka ndi chaka. Kasupe alipo, koma m'chilimwe mtsuko umachedwa kudzadza. Nthochi yakuthengo m'khwawa lathu inatha. Khobwe wakuthengo wayanga malo okwana mphasa zitatu. A Stafford akadali kapitawo, jekete latsala ndi batani limodzi. A Teleza anabatizidwa chaka chatha, ndipo sindikuona kusintha. Lizzie wayamba kubzala mizere yake iwiri pambali pa ya amake. Ine ndikadali mlonda, mumphika mwathu mukupezekanso miyala ija, ndipo mphasa yanga ili m'nyumba, cha pakati.